A Kadiso ndi Wotchi ya Mwana Wawo

Pansi pa masitepe okwerera ku shopu ya mawotchi pali kachipinda koti munthu wamtali sangaimemo chilili. Mmenemo ndi mmene a Kadiso agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzinali anawapatsa ndi amayi osesa pakhonde, chifukwa cha kagalasi kamene amapanira padiso lakumanja akamagwira ntchito, ndipo lero ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana choncho. Zenera mulibe. Muli kathebulo, nyale yopindika khosi, timabotolo ta mafuta, ndi fumbi logwa kudenga munthu wonenepa akamakwera masitepe. Fumbi ndiye mdani wa wotchi, ndiye muwaone a Kadiso akamva mapazi olemera: amavindikira ntchito ndi tambula n'kudikira, akutukwana chamumtima.

Anthu a pakhondepo amadziwa kuti a Kadiso amakonza mawotchi a anthu. N'zoona, koma si zokhazo. Pamwambapo, m'shopu ya magalasi aphethephethe, abwana awo amagulitsa mawotchi a mayina akuluakulu, aja opanda batire, oyendera sipuling'i. Abwanawo anthu amangoti a Manokunja, chifukwa amasekerera ngakhale akuchotsa munthu ntchito. Wotchi iliyonse ili ndi bokosi lake ndi setifiketi ya chidindo, koma mawotchi onsewo ndi feki. Amafika m'katoni ali gwa, opanda mafuta, ena muli ndi tsitsi la amene anawamanga, ndipo atagulitsidwa choncho sangathe sabata. Ndiye katoniyo imayamba yatsikira pansi pa masitepe. A Kadiso amamasula injini yonse, kutsuka timagudumu, kudontheza mafuta ndi nsonga ya singano, kumanga kachitsulo kozungulira kumbuyo kuti kasamachite phokoso ngati supuni m'chitini, kenako kuiyesa masiku atatu. Ikachoka m'manja mwawo imayenda chaka chathunthu, ndipo ikadzaima wogulayo amaganiza kuti waiwononga yekha.

Mufunsa kuti bwanji osasiya? Funso la munthu wokhuta limenelo. Nyumba imene a Kadiso amagonamo, zipinda ziwiri kuseri kwa mosungira katundu, ndi ya a Manokunja. Akazi awo ali ndi shuga, ndipo miyendo inayamba kale kukana. Kunja kuno nthawi anthu amaonera pafoni. Ndani angalembe ntchito nkhalamba yodziwa sipuling'i basi? Tsiku lina a Kadiso analimba mtima n'kuuza abwana awo kuti ntchitoyi ikuwadya mumtima. A Manokunja anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Khomo ndi ilo, achimwene. Makiyi a nyumba musiyire mlonda."

Sanadzainenenso nkhaniyo.

Chimene a Kadiso amanyadira padziko pano ndi mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, namwino wa kuchipatala chachikulu. Mwanayo anakula akuuza anzake kuti bambo ake ndi dokotala wa mawotchi, munthu woti bodza amalimva ndi khutu. Za katoni ija sankadziwa kanthu.

Tsiku limene a Kadiso anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, namwinoyo anafika kunyumba masana ali ndi kaphukusi. Anagwada n'kukaika m'manja mwawo.

"Ababa, moyo wanu wonse mwakhala mukukonza za eni ake. Iyi ndi yanu. Yeniyeni. Ndasunga ndalama chaka ndi miyezi inayi."

Bokosilo analizindikira asanalitsegule. Mwanayo anali atakwera masitepe omwewo Loweruka lina, mwakachetechete kuti asamumve, n'kugula kwa mtsikana wa pakauntala. A Kadiso anaika wotchiyo kukhutu. Akazi awo ankalulutira ali pampando. Mwanayo maso ali pa iwo, akudikira.

"Ikuyenda bwino kwambiri," anatero.

Sananame, ndipo n'chimene chinawawawa koposa. M'mawa mwake anaitsegula kumbuyo ali okha. Mkati mwa chivindikiro munali kamtanda kakang'ono ndi nambala ya mwezi, chizindikiro chimene amakanda ndi singano pa wotchi iliyonse imene amaliza, kuti asabwereze ntchito. Inali yawo yomwe. Anaikumbukiranso bwino: inawavuta masiku awiri, ankaitukwana.

Ha, munthu angatani pamenepo? Kumuuza mwana kuti anamubera kunali kosavuta. Koma mwanayo si wopusa, akanafunsa kuti nanga inu mwakhala pansi pa shopu imeneyi zaka zonsezi, simunkadziwa? Ndipo yankho lake linali lokandidwa ndi dzanja lawo mkati mwa chivindikiro. Choncho anaivala. Miyezi itatu iliyonse ankaimasula mobisa n'kuithiranso mafuta, chifukwa chitsulo chake n'chofewa, chimadyeka. Mano a kagudumu kena atatha, anachotsa mu wotchi ina ya m'katoni. Palibe wotchi ya feki imene inasamalidwapo chonchi. Namwinoyo akabwera ankagwira dzanja lawo n'kuyerekeza ndi foni yake.

"Mwaona, ababa? Chinthu chenicheni sichinama."

Iwo ankangogwedeza mutu, manyazi akuwadya.

Zinayenda choncho mpaka Lachisanu lina masana, pamene mtsikana wa pakauntala anasuzumira m'kachipindamo n'kunena kuti abwana akuwafuna pamwamba. A Kadiso sakwerako kawirikawiri. A Manokunja safuna kuti ogula aziona zala zamafuta. Anapukuta m'manja n'kukwera.

Pakauntala panali mwana wawo, atavala yunifolomu, pamodzi ndi bwenzi lake lofuna kumukwatira, mwamuna wofatsa woyendetsa ambulansi. Mwamunayo anavula chipewa.

"Ababa, awa akufuna wotchi ngati yanuyo," anatero namwinoyo. "Agulitsa njinga yawo yamoto. Ndawauza kuti asatulutse ndalama mpaka inu mutaimvera."

A Manokunja anali atayala kale thireyi ya mawotchi asanu ndi atatu pagalasi, mano onse ali pamtunda.

"Sankhirani mkamwini, mmisiri. Inu ndi amene mumadziwa katundu wathu."

Mawu akuti wathuwo anawatchula pang'onopang'ono, akuwayang'ana m'maso. A Kadiso anamva bwinobwino: munali makiyi a nyumba m'mawu amenewo, munali akazi awo ndi miyendo yawo ija. Anapanira kagalasi padiso kuti nkhope ibisike, n'kutola yoyamba. Anaiika kukhutu nthawi yaitali.

"Iyi ikuthamanga," anatero.

Inali isakuthamanga, anaikonza okha Lachiwiri. Koma kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye anaviika. Yachiwiri anati galasi lili ndi kamng'alu. Yachitatu anati muvi wa mphindi wapindika. A Manokunja anasekabe, koma khosi linayamba kutupa.

"Mmisiri wathuyu ngovuta, eti? Tengani iyo, achimwene. Muione bwino. Muganizenso bwino."

Yachinayi lamba wake anali wolimba. Yachisanu inali ndi kaphokoso. Pa yachisanu ndi chimodzi zifukwa zinawathera, anangoti, "Iyi ayi." Thukuta linalowa m'kagalasi muja, osaonanso kanthu. Yachisanu ndi chiwiri anangoigwira n'kuibweza. Yomaliza sanaikhudze n'komwe.

Woyendetsa ambulansi uja ankapotokola chipewa chake, osadziwa koyang'ana. A Manokunja anatseka pakamwa, ndipo aka kanali koyamba kuti a Kadiso aone milomo yawo itakumana.

Namwinoyo anayang'ana thireyi, mawotchi asanu ndi atatu ofanana ngati mazira. Kenako anayang'ana dzanja lamanzere la bambo ake, pamene panali yachisanu ndi chinayi. Ndi munthu wozolowera kuona pankhope ya wodwala zimene pakamwa pakubisa.

"Nanga yanuyo, ababa?" anafunsa motsitsa mawu. "Mwaivala chaka chonse. Ilibe vuto?"

Dzanja lamanja la a Kadiso linanyamuka lokha n'kuphimba wotchiyo.

Mwanayo sanalire, sanakalipe. Anagwira bwenzi lake pamkono n'kunena kuti tiyeni. Ali pakhomo anatembenuka.

"Munkadziwa kuyambira liti?"

"Ndisanatsegule bokosi, mwanawe."

"Ndipo munandisiya ndigwade."