Amagalasi ndi Mpando Wachiwiri

Pamphuno pa Amagalasi pali timabala tiwiri takuda, kuno ndi uko, pomwe magalasi awo akhala akutsamira kuyambira ali mnyamata. Dzinali anawapatsa ndi anthu chifukwa cha ntchito: amakonza magalasi a maso m'kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi sitolo ya mankhwala. Pathebulo pawo pamakhala nyali, kapulayala ndi timabotolo ta tizitsulo tochepa ngati njere za mchenga. Ndi munthu wa mawu ochepa. Amachita chibwibwi, ndipo anazindikira kalekale kuti wachibwibwi anthu amamumalizira mawu, kawirikawiri molakwika.

Akazi awo okha ndiwo sanawamalizirepo mawu. Anadziwana mayiwo ali namwino, atabweretsa magalasi othyoka mwendo, ndipo funso la ukwati analidikira mpaka linatuluka lonse. Patapita zaka mayiwo anasiya chipatala, napikisana pachisankho, nakhala phungu. Amagalasi anapitiriza kutsegula kachipinda kawo, kuperekeza mwana wawo wamkazi kusukulu, ndi kusita zovala za aphungu, ntchito yomwe amati wina aliyense amaichita mwaphuma.

Chaka chino mtsogoleri wa chipani, yemwe akupikisana pa mpando wa pulezidenti, anapempha mayiwo kuti aime naye ngati wachiwiri wake. Kasankhidwe ka wachiwiri kali ndi masamu ake. Akuluakulu amayeza dera lomwe munthu akuchokera, mpingo wake, khamu lomwe angakokere kumsonkhano, ndipo amafuna wowala ndithu, koma osati mofika pophimba mwini mpando. Za otsala kunyumba palibe amaziyeza. Mayiwo analonjeza kuyankha masana a tsiku lotsatira, kenako anauza amuna awo mosapita m'mbali kuti bambowo akakana, nawonso akakana.

Amagalasi anali ndi chifukwa chokanira. Pachisankho choyamba chija, anyamata a chipani china anayeserera chibwibwi chawo pa chimkuzamawu, khamu nkufa ndi phwete. Sabata yomweyo mwana wawo anabwera kusukulu maso ali psuu, nakana kudya, nakananso kunena chomwe chinachitika. Iwo anadziwerengera mlandu: mwana walira ndi manyazi a bambo ake. Limenelo linali dera limodzi. Tsopano likhala dziko lonse, ndi mawailesi ake, ndi mafoni ake osaiwala kanthu.

M'mawa mwake anapeza mphekesera yawatsogolera kuntchito. Wometa uja anasuzumira pakhomo, chipeso chili m'manja.

"Amagalasi, tamva! Ndiye tizikutchulani chiyani, mayi wa fuko wachiwiri? Bwerani ndikumeteni, a kanema angatinyozere msewu."

Asanayankhe kunalowa alamu awo, mchimwene wa akazi awo, atavala suti ngati asankhidwa ndi iwo.

"Alamu, musatitayitse mwayi. Walira mvula walira matope, matopewo tidzatsuka."

"Ine ndi... ndi..."

"Mwavomera! Ndimadziwa ine."

Anatuluka foni ili kale kukhutu. Amagalasi amafuna kunena kuti ali ndi ntchito.

Dzuwa litakwera kunabwera mwana uja, yemwe tsopano ndi mphunzitsi. Anakhala pampando wa makasitomala, nayang'ana bambo ake akupinda mwendo wa magalasi pamoto wa nyali.

"Ababa, amayi akuti yankho lili ndi inu. Mukufuna kukana chifukwa cha ine, si choncho?"

Iwo sanatsutse. Anamukumbutsa, pang'onopang'ono, za tsiku lomwe anakana kudya lija.

Mwanayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Manyazi? Ababa, mnyamata wina amakuyesererani m'kalasi, ine ndinamuthyola dzino ndi bokosi la mapensulo. Aphunzitsi anandikwapula, nkundiuza kuti ndikaitane makolo. Ndimalira poopa kuti mudziwa."

"Nanga ana... anapita ndani?"

"Amayi. Anapepesa bwinobwino, koma pobwerera anandigulira maswiti."

Amagalasi anazimitsa nyali. Ndi chinthu chodabwitsa kusenza katundu zaka zambiri, kenako nkumva kuti mwini wake sanamutayepo. Mantha sanathe onse, poti onyoza alipobe, ndipo kampeni sadziwa chisoni. Koma mantha otsalawo anali awo okha, ndipo mantha otere amadziwa kasenzedwe kake.

Masana atayandikira galimoto inaima panja. Mayiwo anasiya dalaivala ndi owaperekeza, nalowa okha. Mwana anawapatsa mpando, iye nkutsamira khoma. Kuseri kwa khomalo makina ometera anali atazima, chizindikiro choti wometa watchera khutu.

"Mwauzana zanu zija?" anafunsa mayiwo, akuyang'ana mwanayo.

"Ndaulula, amayi. Ndi za maswiti zomwe."

Mayiwo anamwetulira, koma manja anali akufinya chikwama. Amagalasi anaona kuti munthu amene amayankhula pamaso pa zikwi za anthu osaphethira, lero akudikira mawu a munthu mmodzi m'kachipinda ka anthu atatu. Anaonanso kuti mpando wa wachiwiri uja akuufuna, ndipo angauthe.

"Bambo, nthawi yakwana. Ndikawauze chiyani anthu aja?"

"Kavomereni, mayi. Ndikuopa ndithu, koma kavomereni. Ine ndizitsegula muno monga mwa masiku onse."