Matayala a Msewu wa Kwathu

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chimanga chinapserera m'munda chisanabereke. Mkazi wanga Esinati sanandiletse. Anangoti ndikakapeza ntchito ndisaiwale kuti ana akukula.

Ntchito ndinaipeza ku Garsfontein, yotchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa m'nyumba zingapo. Ndinkagona ku Mamelodi, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni. Tsiku londivuta linali Lamlungu. Ndikachapa n'kuphika, ndinkangokhala pakhomo kuyang'ana foni. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ngakhale pamene ine ndinkagonera buledi ndi tiyi wopanda mkaka. Esinati ankayankha mawu omweomwewo, kuti walandira ndipo onse ali bwino.

Patapita zaka, mmodzi wa mabwana anga posamukira kunja anandigulitsa pikapu yake yakale, imene kumeneko amati bakhi. Injini inali bwinobwino, koma matayala anali atasalala, lina waya akuonekera. Maganizo anga anali obwerera nayo kumudzi, ndizikanyamula nandolo ndi mpunga wa anthu kupita kumsika, ndizikagona m'nyumba yanga.

Wogulitsa matayala pafupi ndi siteshoni ya sitima anali Abambo Banda, mkulu wobadwira ku Mamelodi komweko. Bambo awo anachokera ku Malawi kalekale, koma iwo anali asanapondeko. Anandionetsa matayala a kaunjika otchipa, ndi ena atsopano oyendera pa tala. Kenako anandifunsa, m'Chichewa chawo chothyokathyoka, kuti msewu wa kwathu ndi wotani. Ndinawafotokozera za matope a dzinja ku Phalombe, mchenga wa pa dambo, ndi chitunda cha miyala ukangodutsa mlatho. Ndinalankhula nthawi yaitali, iwo akungomvetsera, dzanja lili pa tayala.

"Eish, mfowethu, m'bale wanga, ndiye tenga a mano akuluakulu awa," anatero. "Ndi odula, koma sadzakusiya panjira."

Ndinagula amenewo, pamodzi ndi la sipeya. Mwezi umenewo sindinatumize kanthu, ndipo Esinati sanafunse.

Ndinayenda bwino kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Koma nditafika pa mtsinje wa kwathu ndinapeza mlatho palibe, msewu wa kutsidya utamera tchire. Galimoto ndinaisungitsa pa golosale ina n'kuwoloka wapansi, nsapato zili m'manja.

Pamene panali nyumba yathu panali miyala ndi mchenga. Mayi wina wotola nkhuni anandilozera kumtunda, kumene anthu anasamukira. Esinati ndinamupeza akuumba njerwa ndi ana. Za madzi osefukira ndinamvako ndili ku Joni, koma nthawi imeneyo iye anandiuza kuti kwathu sanafikeko. Ndalama zimene ine ndinkati zikukonza denga zinkagula chakudya ndi malo atsopanowo.

Ndinamufunsa chifukwa chake anandibisira.

"Mukanamva, mukanabwera," anatero, osasiya kuponda dothi. "Ndiye ife tikanadya chiyani?"

Ana anabwera kudzandipatsa moni atagwada, monga amachitira ndi alendo a ku tchalitchi, n'kubwerera ku njerwa zawo. Esinati anasamba m'manja, anandiyalira mphasa pansi pa mtengo, n'kundifunsa za ulendo. Ndinamufotokozera zonse. Kenako anafunsa motsitsa mawu, kuti ana asamve, ngati ku Joni ndinatsanzika kotheratu, kapena mabwana anga angathe kundilandiranso.