Mkwatibwi Akudikira Besi Yanga

Ndili mu holo ya ukwati, gitala ya besi ili pakhosi, koma pansi m'malo mwa simenti pali mchenga wonyowa. Mkwatibwi waima pakhomo, mwendo umodzi uli m'mwamba. Sangauponde pansi besi isanalire.

A Gondwe, mkulu wa bandi yathu, akundiikira timakina tiwiri toponda ndi phazi. "Sankhani kamodzi, achimwene. Anthu atopa."

Ndikuponda kobiriwira, ka sinthi, kamene kamaliritsa besi ngati kiyibodi. Ndikukoka nsambo yaikulu, kuli zii. Mawu akubwera mochedwa, ine nditachotsa kale chala, ndipo akutulukira m'kamwa mwa mbuzi yomangiriridwa kusipika.

Ndikuponda kofiira, ka fyuluta, kamene kamati "wawu" ukakoka nsambo mwamphamvu. Koma zala zanga zafewa ngati nthochi zakupsa, zikuphwanyikira pansambo. Kamakinako kakuyasamula pang'ono, n'kutsekanso pakamwa.

"Kabwino ndi kati, akulu?" ndikufunsa.

"Kobiriwira kamachedwa, kofiira kamafuna zala," akutero a Gondwe. Maso awo ali pa woimba kiyibodi, amene dzanja lake lamanzere layamba kale kukwawira ku mawu a besi, malo anga.

Ndikuti ndiponde tonse tiwiri, koma tikumira mumchenga, kwatsala timagetsi take tokha tikuphethira. Mwendo wa mkwatibwi ukunjenjemera. Akundiyang'ana n'kunena motsitsa, "Bambo, ine ndigwa."

Ndadzuka phazi lamanja likupondabe bulangeti, mtima uli wolemedwa, poti mwana wa eni uja ndamusiya chiimire.