Lamulo la a Nthambo Lagwira Mwini Wake

Alamu anga anthu amawatchula kuti a Nthambo. Achemwali akafuna kuchapa buluku lawo amayamba akhuthula m'matumba, ndipo chimene chimatuluka ndi tinthambo, tizitsulo ndi timabatire takufa kalekale. Ali mnyamata ankakonza mawailesi. Mawailesi atayamba kuchepa, anadziphunzitsa okha makompyuta, kumasula ndi kumanganso mpaka zitayaka. Lero ali ndi kashopu ka chipinda chimodzi, koyandikana khoma ndi shopu ya akazi awo, achemwali angawo, amene ndi telala.

Kuseri kwa kauntala yawo kunkakhala chibokosi chakuda cholira ngati njuchi. Tsiku lina nditaweruka kuchipatala komwe ndimagwira unamwino, ndinaikapo chikwama changa.

“Alamu, chotsani msanga! Imeneyo ndi seva, si mpando.”

“Nanga imakuthandizani chiyani, poti sindinaonepo mukuigwiritsa ntchito?”

Anandifotokozera akupukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Kuli mapulogalamu a pakompyuta amene anthu amalemba mothandizana, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowatenga, kuona mmene anawalembera, kuwakonza ndi kugawira anzake. Vuto ndi loti onse akamakatenga pamalo amodzi, makina a kumeneko amalemedwa. Choncho anthu odzipereka amasunga mapulogalamu omwewo pamakompyuta awo otchedwa maseva kuti oyandikana nawo azitenga pafupi. Seva yotere amaitcha kalilole, chifukwa iyenera kuonetsa ndendende zimene zili kugwero.

“Ndiye amakupatsani chiyani?”

“Zikomo.”

Achemwali anayankhira kuseri kwa khoma, makina akulira: “Zikomo wakeyo ndiye amene tikudya kunyumbaku, mng'ono wanga!”

Makalilole atachuluka, madandaulo anachulukanso. Ena ankagawira anthu mapulogalamu akale osakonzedwa, ena ankazima osatsanzika, ndipo mwini wake wa seva ina anali atasamuka osauza munthu. Gulu la odziperekawo linagwirizana kuti pakhale zofunika zimene seva iliyonse iyenera kukwaniritsa isanalandiridwe. Ntchito yozikonza anaipereka kwa a Nthambo, poti pamisonkhano yawo ya pa intaneti iwo ndi amene ankadandaula kwambiri.

Munthu uja anatupa ngati chule. Anayamba kuvala malaya opisira. Pachakudya ankatiwerengera malamulo ake ngati tikufunsira ntchito. Disiki yosungiramo mapulogalamu ikhale ndi malo okwanira zonse, osati kusankha zokoma zokha. Seva izikopera zatsopano kugwero tsiku lisanathe. Mwini wake asasinthe kanthu ngakhale kadontho, asathiremonso malonda ake. Pakhale munthu woyankha akafunsidwa. Lamulo limene ankalinyadira kwambiri linali loti seva izipezeka yoyaka nthawi zonse, ndipo yozimazima izichotsedwa. Analembanso kapulogalamu koyendera maseva onse, kopaka zobiriwira amene ali bwino ndi zofiira amene alephera.

Zotsatira zoyamba zinatuluka ine ndili pomwepo, ndikudikira kuti achemwali andibwezere mpendero wa yunifolomu. A Nthambo anatiitana tonse kuti tidzaone olephera. Anatsitsa tsambalo pang'onopang'ono akumwetulira, kenako chala chinaima. Pakati pa ofiira panali seva yawo. Magetsi a mumsewu wathu amathima pafupipafupi, ndipo akathima seva imagona nawo limodzi.

Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi pa mulu wa nsalu.

“Bambo a kunyumba, msampha mwatchera nokha, mwendo mwapondapo nokha!”

Posakhalitsa foni inalira. Anali mkulu wa gulu, ndipo alamu anakweza mawu a foniyo kuti timve.

“Achimwene, musadandaule. Tingofewetsa lamulolo pang'ono. Inu ndi amene munayamba kalilole m'dera lanu lonselo.”

“Ayi, akulu. Ndikalifewetsa chifukwa cha ine, mawa wina adzati tifewetse chifukwa cha iye. Ndichotseni.”

Anadzichotsa okha ndi dzanja lawo. Aphunzitsi a pasukulu yapafupi, amene ankatenga mapulogalamu pa seva ija, anabwera kudzafunsa chimene chavuta, ndipo alamu anangoloza babu lozima kudenga.

Pamene shopu yawo inali mumdima, kwa achemwali makina ankalirabe. Chaka chathacho iwo anaika sola padenga ndi mabatire pansi pa tebulo lodulira nsalu, ndipo a Nthambo anawaseka kuti telala akufuna kusoka ndi dzuwa. Tsopano alamuwo anazungulira pakhonde, nagogoda pachitseko chotsegula kale.

“Odi, amayi. Ndabwera ndi pempho.”

“Lowani, akasitomala. Tikuyezeni chiyani?”

“Seva ija ikusowa pokhala.”

Achemwali anavula tepi m'khosi, nakhala tsonga.

“Malo alipo, koma muno simulowa chinthu chisawawa. Nanenso ndili ndi zofunika zanga.”

Anaziwerenga pa zala. Nthambo zisadutse pansi pomwe makasitomala amayezera madiresi. Chibokosicho chisamalize batire ya makina osokera. Fumbi lake apukute mwini wake. Akazi akamayesa zovala, mwini seva adikire panja, kaya intaneti yaduka kaya dziko likutha. Ndipo pakhale munthu woyankha akaitanidwa, makamaka nthawi ya chakudya.

“Lomalizalo mwaba kwa ine,” anatero alamu.

“Si munati ndi zaulere, aliyense atenge ndi kukonza?”

Ine ndinaikidwa kukhala mboni. Tinanyamula seva ija anthu awiri, achemwali akutsogolera ngati wapolisi wa pamsewu. Alamu anaboola khoma, nadutsa nthambo m'mwamba, nazimanga bwinobwino kuposa mmene anamangirapo m'shopu mwawo. Ulusi ndi tizidutswa ta nsalu titayamba kulowa m'mafani oziziritsa sevayo, achemwali anasoka kachophimba ka nsalu ya neti, kokhala ndi mpendero wa maluwa. Alamu anakana kuti seva si mkwatibwi, koma kutentha kwake kutakhala bwino anasiya kulankhula.

Anafunsiranso kugulu ngati munthu wachilendo, nayembekezera nthawi yoyesedwa imene anaika okha. Mzere wawo utabiriwira anathamangira kwa wometa tsitsi kukamuonetsa, ngakhale mkuluyo sankadziwa chimene akuyang'ana. Anawaombera m'manja basi, lumo lili kudzanja.

Chimene sitinayembekezere ndi choti a Nthambo anayamba kukhalitsa kwa telala. Amati akuyang'anira seva, koma seva sifuna woyang'anira. Achemwali anatopa kuwaona atangokhala, ndiye anawapatsa singano. Sabata yatha batani la yunifolomu yanga linathothoka, ndipo amene analisoka ndi iwowo, magalasi ali pamphuno, lilime lili panja.

“Alamu, lapendekekatu ili,” ndinatero.

“Likumanga kapena silikumanga?”

“Likumanga.”

“Ndiye pitani kuntchito, odwala akudikira.”