Majezi a Timu Yotsekedwa

Lero m'basi ya ku Springburn ndinakhala pafupi ndi bambo wina wonunkha mankhwala aja opaka mnofu ukamawawa. Ndinali wotopa ndi ntchito, koma fungolo linandibweza ku Sighthill komwe ndinakulira, ku nyumba zosanja zomwe anazigumula kalekale.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi ankachapa majezi a timu ya mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya, womwe amasewera atavala zipewa zolimba. Manja awo ankanunkha mankhwalawo ngakhale atasamba. Malamulo a mpirawo sankawadziwa, koma wosewera aliyense ankamudziwa ndi nambala yake komanso matope ake.

Tsiku lina anabwera masanasana. Lifiti inali itafa, ndiye anakwera masitepe onse atasenza chithumba. Anakhala pansi m'khitchini ali wefuwefu, osavula ndi jekete lomwe.

"Amayi, mwaweruka msanga bwanji?"

"Timu yatha, mwanangu. Eni ake ku America aitseka."

"Nanga mawa mupita kuti?"

Anamasula thumba lija n'kutulutsa majezi ong'ambika, akuluakulu ngati mabulangete.

"Ndinawalonjeza anyamata aja kuti ndiwasokera. Tenga singano."

"Adzavala ndani, Amayi?"

"Ndati tenga singano."

Ndinawapatsa. Ananyambita ulusi, n'kuyesa kamodzi, kawiri, katatu, koma sunalowe. Mvula inkawomba pawindo. Kenaka anandibwezera singanoyo osandiyang'ana.

"Tandilowetsera, mama. Manjawa akukana."