Lachisanu limene Apongozi anavomera

Dzina loti a Nanga analipeza ali pasukulu ya mishoni, ndipo linawakakamira mpaka imvi. Mphunzitsi akati belu likalira aliyense atenge mbale pa shelefu, iwo ankaimika dzanja: "Nanga awiri akagwira mbale imodzi nthawi imodzi?" Ankakwapulidwa, mawa lake n'kufunsanso. Anakulira m'nyumba ya ana ambiri ndi bafa limodzi, choncho kwa iwo funsolo silinali lachibwana.

Funso lomwelo linawapititsa ku yunivesite, linawakweza ndege kukaphunzira kunja, n'kuwabweza ndi udokotala wosabaya jakisoni. Kenako linawakhazika mu kaofesi kopapatiza ka pansanjika yapamwamba, kamene zenera lake linkatsegulidwa ndi supuni.

Ntchito yawo inali yotere. M'kompyuta mumakhala timapulogalamu tambiri togwira ntchito pamodzi, ngati makalaliki awiri ogulitsa matikiti a basi imodzi pa mawindo osiyana. Mpando ukatsala umodzi, onse n'kuuona nthawi imodzi, amaugulitsa kwa anthu awiri. Opanga mapulogalamu ambiri amangoyesa kangapo, akaona kuti sizinalakwike amati basi zili bwino. A Nanga ankati kuyesa si umboni. Iwo ankafuna kusonyeza ndi masamu kuti, kaya ayambe ndani, kaya wina achedwe motani, awiriwo sadzagundana mpaka kalekale.

Umboni wotere sautsimikiza ndi maso. Pali pulogalamu ina imene imaufufuza mzere ndi mzere. Ikapeza pobowoka imalemba zofiira, ikakhutira imalemba zobiriwira. A Nanga ankaitcha Apongozi, poti chilichonse chimene ungawapatse amachipezera chilema.

"Amayi anga muwasiye," ankatero akazi awo, amene anali namwino. "Iwo anakupatsani mkazi. Apongozi anu a mu kompyutawo akupatsani chiyani, kupatula msana?"

Kunena zoona anali asanawapatse kanthu. A Nanga ankaphunzitsa pa kontirakiti ya chaka ndi chaka, ndipo nyumba imene ankakhala inali ya yunivesite. Kwa zaka zingapo anali akumanga njira yawoyawo yoti mapulogalamu awiri azipatsana mpata pa khomo limodzi popanda mlonda wowaimitsa, koma umboni wake unkangofiira. Tsopano a Mkulu wa dipatimenti anali atawauza mosapsatira kuti komiti ikumana Lolemba. Akasonyeza ntchito yomalizika, awalemba ntchito yokhazikika. Akapanda kutero, kontirakiti yatha, makiyi a nyumba abweze.

Lachisanu m'mawa, a Nanga anakonza kamzere kamodzi, nadina batani, nayamba kusenda nthochi podikira kunyozedwa monga mwa masiku onse. Atakweza maso anaona zobiriwira.

Anavula magalasi, nawapukuta ndi taye, nawavalanso. Zobiriwira. Anazimitsa kompyuta n'kuyiyatsanso, kuti mwina Apongozi anali atawodzera. Zobiriwira zokhazokha, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Awa anali munthu amene pa ukwati wawo anavina ndi mutu wokha. Koma tsiku limeneli anatuluka mu ofesi nthochi ili m'manja, natsetsereka pa simenti ya mukhonde ngati mwana wa sitandade wani, napatsa moni makina okopera mapepala, nalowa mwa a Mkulu wa dipatimenti osagogoda.

"Avomera, bwana! Apongozi avomera!"

A Mkulu anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukukwatira kachiwiri, adokotala?"

"Umboni, bwana! Watha!"

"Chabwino. Ndiuza komiti. Koma nthochiyo muichotse pa mapepala angawo."

M'kalasi ya masana anafufuta bolodi ndi mkono wa jekete osazindikira. Mu minibasi anapatsa mpando mnyamata wojintcha amene sanaupemphe. Anagula keke yaikulu kuposa mbale zonse za kunyumba, nafika pakhomo akuimba nyimbo ya m'tchalitchi pa liwiro losayenera.

Loweruka masana akazi awo anaitana achimwene awo kuti adzadye nawo kekeyo. Alamu amenewa ankayendetsa takisi, ndipo iwo ankawatcha a Nanga dokotala wa makompyuta wosatha kukonza foni.

"Ndiye mwati mwatsimikiza chiyani, alamu?"

"Kuti sizidzagundana."

"Zaka zonsezi? Ine ndikanakuuzani kalekale, mukanangondigulira Fanta."

Madzi atawira, a Nanga ananyamula thireyi ya makapu a tiyi kutuluka m'khitchini. Nthawi yomweyo alamu awo anali kulowa kudzatenga mpeni wodulira keke. Anakumana pakhomo penipeni, onse n'kubwerera m'mbuyo.

"Dutsani, alamu."

"Ayi, lero ndinu apulofesa, dutsani ndinu."

Onse anaponda kutsogolo. Onse anabwerera. Anapondanso, nabwereranso, ngati akuphunzitsana gule. A Nanga anaseka mpaka makapu analira.

"Imeneyitu ndiyo njira yanga! Ukaona mnzako pakhomo, bwerera, uyesenso. Mwaona? Palibe kapu ndi imodzi yomwe yasweka!"

"Palibenso tiyi amene wafika pa tebulo," anafuula akazi awo ali pabalaza. "Mugona pomwepo?"

A Nanga anaima chilili, thireyi ili m'manja. Iwo anali atafunsa Apongozi funso limodzi lokha, loti awiriwo adzagundana kapena ayi. Sanawafunse ngati alipo amene adzadutse. Ndipo Apongozi ndi munthu woyankha zimene wafunsidwa basi, zina zonse amangokuyang'ana.

Anapatsira alamu awo thireyi, nathamangira kuchipinda kumene kunali laputopu. Analemba funso lachiwirilo atagwada pambali pa bedi. Sipanatenge nthawi, zofiira zinatuluka, ndipo Apongozi anachita kusonyeza ndi chala mmene zimachitikira: awiriwo akafika nthawi imodzi ndendende, amabwerera limodzi, n'kubwera limodzi, n'kubwereranso, mpaka magetsi adzazime.

Akazi awo atalowa anawapeza atagona chagada pansi, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, mwadwala?"

"Mayi, ana anga a mu kompyutawa ndi aulemu! Ndi aulemu mpaka imfa! Basi ikunyamuka, mpando uli wopanda munthu, iwo akungoti dutsani, ayi dutsani ndinu!"

Alamu anasuzumira pakhomo akutafuna keke. Atamvetsa nkhaniyo anatsitsa mawu. "A komitiwo akudziwa za funso lachiwirili?"

"Mmodzi ndi wa kemisitiri, wina wa zomera. Sangalilote n'komwe."

"Zobiriwira zija ndi zabodza?"

"Ayi, ndi zoona ndithu."

"Ndiye vuto lili pati? Asonyezeni zobiriwirazo, mulandire ntchito, zofiirazo muzikonza muli phee pa mpando. Ine kasitomala sindimuuza kuti tayala la sipeya laphwa."

Akazi awo sanaseke. Anayang'ana makatani amene anasoka okha molingana ndi mazenera a nyumba imeneyo. "Ntchito ndi yanu, bambo, ine sindilowererapo. Mungondiuza msanga ngati ndiyambe kufuna makatoni."

Lamlungu a Nanga ulaliki sanaumve. Maso awo anali pakhomo la tchalitchi, ndipo potuluka anaima pambali kuonerera anthu akupanikizana. Anaona kuti awiri akakumana pakhomo sachita kukambirana, wamkulu amangodutsa. Mankhwala ake anali omwewo: pulogalamu iliyonse ikhale ndi nambala, zikafika limodzi wanambala yoyamba adutse. Koma nanga winayo sadzangokhalira kudikira? Ndiye azisinthana. Nanga akamasinthana, wachitatu n'kutulukira? Pofika kunyumba anali atadziwa kuti njira ilipo, koma umboni wake ndi wa miyezi, osati wa Lolemba.

Lolemba anavala jekete ina. Komiti inakhala kuseri kwa tebulo lalitali, a Mkulu wa dipatimenti pakati. A Nanga anafotokoza za makalaliki awiri ndi mpando umodzi, kenako anaonetsa zobiriwira zija pakhoma. Apulofesa a zomera anayamba kuomba m'manja.

"Pepani, musaombe," anatero a Nanga. "Bwana Mkulu, ndi inu apulofesa a kemisitiri, tandithandizani. Wina aime kunja kwa chitseko, wina mkati. Lamulo ndi limodzi: mukaona mnzanu, bwererani, muyesenso."

Akuluakulu awiri aja anapita monyinyirika. Anaponda, nabwerera. Anaponda, nabwerera. Ulendo wachitatu mayi wolemba za msonkhano anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

"Tisiye liti?" anafunsa apulofesa a kemisitiri.

"Simusiya, bwana! Ndiye nkhani yake imeneyo!" A Nanga anali akudumphadumpha pa zala za kumapazi. Anaonetsa zofiira zija, nafotokoza funso limene anaiwala kufunsa, ndi njira ya manambala, ndi miyezi imene ikufunika.

Apulofesa a kemisitiri anakhala pansi akupuma mwabefu. "Tiyeni timvane, adokotala. Mwabwera kudzatitsimikizira kuti njira yanu sigwira ntchito?"

"Inde bwana, popanda chikayiko chilichonse!" anayankha a Nanga, nkhope ikuwala ngati wapambana mpikisano.

Anawatulutsa kuti akadikire mukhonde. M'pamene makatani aja anawabwerera m'mutu. Anakhala pa benchi, naimirira, nawerenga chikwangwani cha zoyenera kuchita moto ukabuka, nakhalanso.

A Mkulu wa dipatimenti anatuluka okha, natseka chitseko bwinobwino.

"Mwandivinitsa pamaso pa anthu, adokotala."

"Pepani, bwana."

"A kemisitiri akuti munthu wokondwera ndi zofiira ndi woopsa. A zomera akuti akanakonda ophunzira awo akanakhala oopsa choncho. Ntchito yokhazikika ayi, poti ntchito yomalizika simunabweretse. Koma takupatsani chaka china. Apongozi anuwo akadzayankha mafunso onse awiri, mudzabwerenso. Ndipo mudzagogode."

A Nanga anagwira dzanja la a Mkulu ndi manja awiri, nalipukusa mpaka wotchi inatsetserekera pa chikhatho. Potsika masitepe anaimba foni.

"Mayi, makatani musachotse!"

"Akulembani?"

"Ayi! Chaka chimodzi!"

"Ndiye mukukuwiranji ngati mwapatsidwa yunivesite yonse?" Koma mawu awo ankamveka kuti akuseka. "Pobwera mugule buledi. Keke ija achimwene anamaliza."

Atafika pansi anakumbukira kuti ofesi yawo ili pamwamba, nakweranso. Anatsegula zenera ndi supuni, nayatsa kompyuta. Zofiira zinali zikuwadikira pomwe anazisiya.

"Mwaswera bwanji, Apongozi," anatero, akukoka mpando. "Lero ndabwera ndi mafunso awiri."

Kunyumba nako zinthu zinasintha pang'ono. Kuyambira pamene anamva za njira ya manambala ija, alamu akakumana ndi a Nanga pakhomo la khitchini safunsanso. Amangoti, "Nambala wani ndine," n'kudutsa.