Mzukwa Umene Malume Anauthyola Mphuno

Ndinali ndi zaka khumi pamene malume anga a Yohane anamenya mzukwa mpaka kuutulutsa magazi. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Blantyre kudzaphunzira unamwino ku South Bend, kuno kutsidya la nyanja, ndipo Loweruka lina mu Okutobala anadzationa kwathu ku Indianapolis.

Mwezi umenewo anthu akuno amakonda kuopsezana. Kunja kwa tauni kunali chinyumba chimene anachikonza ngati nyumba yakale ya mabwana akumidzi ku Mangalande. Anthu ankalowamo kuti akaopsezedwe mwamasewera, ndipo ife tinapitako ndi bambo ndi malume. Wotilandira pakhomo anatiuza kuti mayi wa m'nyumbamo anakankhidwa pamasitepe ndi mwamuna wake n'kumwalira, ndipo mpaka lero mzukwa wake umaonekabe utavala diresi lotuwa. Bambo anga anaseka n'kugunda malume paphewa.

"Alamu, ndi masewera chabe awa. Musatifeyintire m'katimu."

Malume anamwetulira, koma anandigwira dzanja mwamphamvu.

M'kati munali mdima ngakhale kunja dzuwa linali lisanalowe. Munkanunkha fumbi ndi utoto, matabwa akulira pansi pa mapazi. Titafika pamasitepe, chitseko cha m'mbali chinatseguka mwamphamvu, chinthu chotuwa n'kundilumphira chikukuwa, mpeni uli m'manja. Ndinakuwa nanenso.

Malume anandikankhira kumbuyo. Chibakera choyamba ndinachimva ndisanachione, phokoso ngati dzungu lagwa pasimenti. Chinthucho chinakamenyetsa mutu kukhoma, koma iwo sanaleke. Anachikwera pachifuwa n'kumachisinja kumaso, akubuula mawu amene sindinawamvepo pakamwa pa munthu. Bambo anawakumbatira m'chiuno, chigongono cha malume n'kuwang'amba bambowo mlomo.

"Yohane, siya! Ndi mwana uyu! Ndi mwana!"

Magetsi atayaka, pansi panali mtsikana wa kusekondale amene ankasewera ngati mzukwa uja. Ufa woyera wa kumaso kwake unali utasakanikirana ndi magazi, mphuno itakhotera kumbali, dzino lili pakapeti. Mpeni uja unali wapulasitiki. Ankaitana amayi ake. Malume anayang'ana manja awo n'kukhala pansi, ndipo apolisi atabwera anangopereka mikono kuti awamange.

Madzulo ake ndinafunsa amayi, m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, chifukwa chake malume anachita zimenezo. Anandiyankha m'Chichewa, pang'onopang'ono. Chaka chapitacho, akuba a zikwanje anathyola chitseko cha nyumba imene malume ankagona ndi mnzawo ku Ndirande. Mnzawoyo anam'khapa malume akuona, mpaka kumwalira.

"Ndinkadziwa," anatero amayi. "Ndimayesa zinatsalira kumudzi."

Mlandu unatenga miyezi, ndipo panatsala pang'ono kuti malume achotsedwe sukulu n'kubwezedwa ku Blantyre. Makolo a mtsikanayo atamva za ku Ndirande anapempha khoti kuti liwachitire chifundo. Khotilo linalamula malume kugwira ntchito zothandiza anthu ndi kumakaonana ndi mlangizi wa maganizo. Mtsikanayo anachira, koma tsiku limene tinakapepesa kwawo anakana kutuluka m'chipinda. Palibe amene anam'kakamiza.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndamvetsa kuti tonse tinalowa pakhomo limodzi koma sitinalowe m'nyumba imodzi. Ife tinkafuna kulawa mantha n'kutuluka tikuseka. Malume anali atawadya kale mpaka kukhuta, ndipo thupi lawo silinkadziwa kusiyanitsa sewero ndi zenizeni. Ndisanam'kokere munthu ku chinthu chimene ine ndikuchiyesa choseketsa, ndimayamba ndafunsa zimene maso ake anaona.